Ku Harrogate, Komwe Alembi a Nkhani Zaupandu Amasonkhana

Harrogate ndi tauni yabata ya m'chigawo cha North Yorkshire, kumpoto kwa England, ulendo wa maola pafupifupi atatu pa sitima yapamtunda kuchokera ku London. Inatchuka chifukwa cha madzi. Mu 1571 William Slingsby anapeza kasupe wotchedwa Tewit Well, ndipo m'zaka zotsatira anthu achuma ankabwera kudzamwa ndi kusamba madzi a m'zitsime za kumeneko pokhulupirira kuti amachiza nyamakazi ndi matenda a pakhungu. Ena mwa madziwo amanunkha ngati dzira lowola. Nyumba ya Royal Pump Room, yomwe anaimanga mu 1842 pamwamba pa chitsime chotere, lero ndi yosungiramo zinthu zakale. Chapakati pa tauni pali bwalo la kapinga la maekala 200 lotchedwa The Stray, ndipo pa khomo la Bettys, malo omwera tiyi omwe anatsegulidwa mu 1919, alendo amaima pamzere mosanyinyirika kudikira mpando.

N'kovuta kuganiza za kuphana m'tauni yaukhondo chotere. Komabe mwezi wa Julayi, kwa masiku anayi, kuyambira Lachinayi mpaka Lamulungu, nkhani yomwe imamveka pa hotela ya Old Swan ndi ya mitembo, poizoni, mipeni ndi apolisi ofufuza milandu. Uwu ndi msonkhano wa alembi a nkhani zaupandu wotchedwa Theakston Old Peculier Crime Writing Festival, womwe unayamba mu 2003. Mmodzi mwa anthu amene anauyambitsa ndi mlembi wa ku Scotland, Val McDermid. Dzina lalitalilo ndi la kampani yofulula mowa ya ku Masham yomwe imathandiza ndi ndalama, ndipo n'chifukwa chake wopambana mphoto ya buku la chaka amalandira mapaundi 3,000 pamodzi ndi kamgolo kamatabwa kosungiramo mowa, kosema pamanja. Woyamba kuilandira, mu 2005, anali Mark Billingham.

Hotelayi sanaisankhe mwangozi. Usiku wa pa 3 Disembala 1926, Agatha Christie, yemwe anali atangotulutsa kumene buku lake la The Murder of Roger Ackroyd, anachoka pakhomo pake osatsanzika. M'mawa mwake galimoto yake inapezeka itasiyidwa ku Newlands Corner, m'chigawo cha Surrey, mwini wake palibe. Apolisi ndi anthu odzipereka zikwizikwi anasakasaka m'tchire ndi m'maiwe. Arthur Conan Doyle, mlembi wa nkhani za Sherlock Holmes, anafika potenga gulovu ya mayiyo n'kupita nayo kwa woombeza. Patatha masiku 11, mwamuna wake anamupeza m'hotela imeneyi, yomwe panthawiyo inkatchedwa Swan Hydropathic, oimba a m'hotelamo atamuzindikira. M'kaundula wa alendo anali atalemba kuti ndi Mayi Teresa Neele ochokera ku Cape Town. Neele linali dzina la bambo la mkazi amene mwamuna wakeyo ankafuna kumukwatira. Cape Town ndi mzinda umene Christie anaufika mu 1922. M'buku la mbiri ya moyo wake, lomwe linatuluka mu 1977 iye atamwalira, za masiku 11 amenewa sanazifotokoze.

Mlendo wofika koyamba amasangalala ndi mbiri imeneyi, koma mlembi wongoyamba kumene, yemwe wanyamula buku lake losasindikiza m'chikwama, amakhala ndi nkhawa ina. Tsiku lake lenileni ndi Lachinayi, lomwe okonza msonkhano amalitcha Creative Thursday. Masana alembi odziwika amaphunzitsa kaumbidwe ka nkhani: momwe mungabisire wowerenga dzina la chigawenga popanda kumunamiza, nthawi yoyenera kuti mtembo upezeke, ndi chifukwa chake wapolisi wopanda chilema chilichonse pakhalidwe amatopetsa. Kenako pamabwera gawo lomwe kwa zaka zambiri lakhala likuopedwa, la Dragons' Pen. Dzinali ndi nthabwala, pakuti m'Chingerezi liwu lomalizalo limatanthauza cholembera komanso khola, ndipo zinjoka zomwe zili m'kholamo ndi akonzi a makampani osindikiza mabuku ndi maejenti, anthu amene amagulitsa buku la mlembi ku makampaniwo n'kutapapo gawo lawo, kawirikawiri 15 pa 100 iliyonse.

Wolimba mtima amaimirira pamaso pawo, khamu likumvetsera, ndipo amapatsidwa mphindi ziwiri zokha kuti afotokoze buku lomwe mwina walilemba kwa zaka zitatu, usiku ana atagona. Mphindi ziwiri sizikwana kufotokoza mawu 90,000. Zimakwana kunena kuti wafa ndani, akufufuza ndani, zikuchitikira kuti, ndipo wofufuzayo ataya chiyani akalephera. Amene amayamba ndi mbiri ya agogo a mwini nkhani nthawi imawathera asanafike pa mtembo. Zinjoka zikakhutira sizilonjeza kusindikiza. Zimangopempha kuti mlembiyo atumize mitu yoyambirira ndi chidule cha nkhani yonse. Apa m'pamene pamaonekera kusiyana kwa amene anamaliza kulemba ndi amene ali ndi mitu itatu yokha. Woyambayo amatumiza sabata yomweyo, dzina lake lisanaiwalike. Winayo amabwerera kwawo kukalemba, ndipo pomwe azidzamaliza ejenti uja adzakhala atamva nkhani zina mazanamazana.

Zambiri za msonkhanowu zimachitika panja pa zipinda zokambirana. Pa kapinga wa kutsogolo kwa hotela amamanga matenti, ina yogulitsiramo mabuku, ina zakumwa, ndipo palibe chingwe cholekanitsa otchuka ndi osadziwika. Munthu amene mabuku ake agulidwa mamiliyoni amaima pamzere umodzi ndi mphunzitsi wa pulayimale amene sanasindikizepo kanthu. Mwayi woterewu uli ndi mwambo wake wosalembedwa. Kukankhira mulu wa mapepala m'manja mwa mkonzi amene akudya n'kudziwononga wekha. Kumufunsa buku labwino lomwe wawerenga posachedwa ndiye khomo lolowera. Alembi a nkhani zakuphana, modabwitsa, amadziwika kuti ndi anthu ochezeka, ndipo ambiri amakumbukira nthawi yomwe iwonso ankakanidwa.

Nkhani za kukanidwako zilipo zambiri pamalopo. Ann Cleeves, yemwe anagwira ntchito ndi msonkhanowu m'zaka zake zoyambirira polimbikitsa anthu kuwerenga, anatulutsa buku lake loyamba mu 1986, koma anadikira zaka 20 kuti Raven Black, nkhani yochitikira pa zilumba za Shetland, imupatse mphoto yaikulu mu 2006. Ian Rankin anayamba kulemba za wapolisi Rebus mu 1987, ndipo dzina lake linamveka kwenikweni mu 1997 ndi Black and Blue. Yoposa zonse ndi ya Robert Galbraith. Buku lake la The Cuckoo's Calling litatuluka mu Epulo 2013, silinagulidwe kwenikweni, ndipo mkonzi wina wa kampani yaikulu anavomera poyera kuti anali atalikana. McDermid analikonda mpaka anafuna kuitana mlembi watsopanoyo ku New Blood, gawo la msonkhano lomwe ankaonetserako alembi anayi a mabuku oyamba. Mwezi wa Julayi chaka chomwecho zinaululika kuti Galbraith anali J.K. Rowling, mlembi wa Harry Potter. Mu 2014 anabwera ku Harrogate kudzacheza ndi McDermid pamaso pa anthu m'holo ya Royal Hall.

Kwa mlembi wochokera kumwera ndi pakati pa Africa, ulendowu ndi wolemera. Mmalawi, Mzambiya kapena Mzimbabwe ayenera kupeza viza asanaganize za tikiti ya ndege, ndipo malo ogona m'tauniyi amadzaza miyezi ingapo msonkhano usanafike, chifukwa Julayi ndi pakatikati pa chilimwe cha kumeneko. Ena amagona ku Leeds kapena ku York n'kumayenda pa sitima m'mawa uliwonse. Koma amene wamvetsera zokambirana kwa masiku anayi amazindikira kuti chomwe owerenga nkhani zaupandu amachikonda kwambiri ndi malo. Cleeves ali ndi Shetland, Rankin ali ndi Edinburgh. Deon Meyer amalemba m'Chiafrikaans za wapolisi Benny Griessel wa ku Cape Town, ndipo mabuku ake amasuliridwa m'zinenero zoposa 20. Alexander McCall Smith, wobadwira ku Bulawayo mu 1948, anatchuka ndi Mma Ramotswe wa ku Gaborone kuyambira mu 1998, pomwe Unity Dow, yemwe anali woweruza m'khoti lalikulu la Botswana, analemba The Screaming of the Innocent mu 2002, nkhani ya mwana wophedwa chifukwa cha zizimba. Buku la Oyinkan Braithwaite wa ku Nigeria, My Sister, the Serial Killer, linafika m'gulu lomaliza la mphoto ya Theakston mu 2020. Mlembi amene akudziwa momwe mlandu umayendera kuchokera pabwalo la mfumu kufika ku polisi, kapena momwe mudzi umakhalira chete wapolisi akafika, ali ndi chuma chomwe ambiri mwa anthu a m'matenti aja sanachiwerengepo. N'zomvetsa chisoni kuona mlembi wotere akuika nkhani yake mu London yemwe amangomuona pa kanema.

Lamulungu masana zokambirana zomaliza zimatha, ndipo msewu wochokera ku hotela kupita kusiteshoni umadzaza ndi anthu okoka masutikesi olemedwa ndi mabuku osainidwa. Mlembi amene zinjoka zinamupempha mitu yake amayenda ndi kakhadi ka ejenti m'thumba. Akatumiza, yankho limatha kutenga miyezi itatu kapena kuposerapo, ndipo maejenti ena amalemberatu pa malamulo awo kuti akakhala chete ndiye kuti akana.