Zomwe lamulo la ogula landiphunzitsa ine wa malonda a m'chikwama

Ndimagulitsa mafuta odzola, perefyumu, sopo ndi tiyi wazitsamba. Makasitomala ndimawapeza m'maofesi, kubanki mkhonde ndi pa WhatsApp. Lamulo latsopano loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda litayamba kugwira ntchito pa 1 Julaye 2024, ambirife tinkati ndi nkhani ya makampani akuluakulu. Anzanga oyenda ndi zikwama, imvani zomwe ndapeza.

1. Bungwe la CFTC, lomwe limayang'anira lamuloli, tsopano limalamula lokha chindapusa, osadikira khoti: mpaka 10 peresenti ya ndalama zapachaka kwa kampani, ndi 5 peresenti kwa munthu payekha. Nditamva za munthu payekhayo ndinakhala kaye pansi, chifukwa ameneyo ndi ine ndi inu. Amene walandira ndalama m'manja mwa wogula ndiye amene adzayankhe, kaya ali ndi sitolo kaya alibe.

2. Kumaphunziro a kampani ina ankatiuza kuti tiyi wawo amatsuka magazi komanso amathetsa shuga. Ndinkanena monga ndinamvera, mpaka mayi wina anandithokoza kuti asiya mankhwala akuchipatala chifukwa cha ine. Thupi lonse linazizira, ndipo ndinawachonderera kuti abwerere kwa dokotala tsiku lomwelo. Kunamiza ogula pa zomwe katundu angachite n'kuphwanya lamulo, ndipo za mankhwala zili ndi eni ake, a PMRA. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, usasiye mlomo. Chomwe simungachitsimikize musachinene, ngakhale chitalembedwa pakapepala kokongola.

3. "Katundu wogulidwa sabwezedwa." Nonsenu mwawanenapo mawu amenewa, sichoncho? Ngati katunduyo ndi wowonongeka, lamulo silikulolani kubisala kumbuyo kwa mawuwa. Izi n'zowawa, sindikubisirani: kampani yaikulu siimva kanthu ikabwezeredwa botolo limodzi, koma kwa ife botolo lomwelo ladya phindu la sabata. Ndiye ndikamaoda ndimaona tsiku lothera ntchito, ndimaona ngati chotsekera chili bwino, ndipo sindichoka popanda lisiti. Vuto lithereni pamalo ooda, lisanafike kwa kasitomala.

4. Ichi chinandidabwitsa koposa. Tili ndi chizolowezi chosiya perefyumu patebulo la munthu, n'kumati, "Tengani achemwali, mudzandiona mwezi ukatha," iye asanavomere n'komwe. Kodi mukudziwa kuti ngakhale lamulo lakale la 1998 linkaletsa kulonjerera ndalama pa katundu yemwe munthu sanaitanitse? Tsopano ndimadikira kuti "eya" amveke. Kenako ndimatumiza uthenga wa mtengo ndi tsiku lolipira, iye n'kuyankha. Ngongole yolembedwa siidanitsa anthu.

5. Lamulo lomweli limatitchinjiriza nafenso. Mnzanga wina anakongola kubanki mkhonde kuti alowe m'gulu lomwe ndalama zake zimabwera ukalowetsa anthu ena pansi pako. Katundu anamuunjikira m'chipinda, wogula osaoneka, omwe anamulowetsa osayankhanso foni. Malonda otere, omwe apamwamba amadya ndalama zolowera za apansi, ndi oletsedwa. Musanapereke kalikonse funsani kuti, "Nditapanda kulowetsa munthu ngakhale mmodzi, ndipeza phindu pogulitsa katundu yekha?" Yankho likayamba kuzungulira, nyamulani chikwama chanu.

6. Lisiti, kubweza ndalama ndi kutaya katundu wotha ntchito, zonsezi zimadula, ndipo mpamba wathu ndi wochepa. N'chifukwa chake ndikupempha a CFTC ndi a CAMA, bungwe loimira ogula, kuti atifotokozere lamuloli m'Chichewa, pawailesi ndi m'misika, chindapusa chisanatipeze. Komabe sindikufuna kuti lifewetsedwe chifukwa cha ife. Omwe timawagulitsa ndi anansi athu, akumpingo ndi achibale, ndipo amagula chifukwa atikhulupirira. Akadziwa kuti chowonongeka angathe kubweza, amagula mopanda mantha ndipo amatiitanira anzawo.