Pamlatho wa Kehl ndalama n'njimodzi, koma galimoto yake imafuna chiphaso

Pakati pa Strasbourg ku France ndi Kehl ku Germany pali mtsinje wa Rhine basi. Ukakwera tramu, mphindi zochepa waoloka. Ndalama m'thumba ndi yomweyo, euro, chiyambire 2002. Kulibe anyamata osintha ndalama okuthamangira ngati pa Mwanza paja.

Koma tamvani izi abale. Munthu wamba ankaoloka ndi euro zake mosavuta, pomwe galimoto yonyamula ndalama za mabanki ndi masitolo inkavutika kuoloka. Chifukwa? Dziko lililonse linali ndi malamulo akeake okhudza mfuti, alonda ndi galimotozo. Sitolo ya m'malire inkatha kudikira ndalama zochokera kutali, banki ili tsidya lomweli.

Mu 2011 European Union inakhazikitsa lamulo limodzi. Kampani itenge chiphaso cha zaka 5, alonda aphunzire maola 200. Kawirikawiri ulendo ukhale pakati pa 6 koloko m'mawa ndi 10 koloko usiku, galimoto ibwerere kwawo tsiku lomwelo. Za mfuti, mwini mudzi ndiye amalamulabe. Mlonda akaoloka, malipiro ake asatsikire pansi pa malipiro ochepetsetsa a dziko walowalo. Apa ndiye anaganiza bwino, poti woika moyo pachiswe ndi iyeyo.

Inu onyamula mpamba m'sokosi popita ku Joni, imvani ya bokosi. Makampani ena amatsekera ndalama m'bokosi lokhala ndi inki. Mbava ikaliswa, inki imathimbiriza ndalama zonse, moti ngakhale wogulitsa tomato sangazilandire.