Kodi Chifundo Nachonso N'chopitira ku Sukulu?

Tsiku limene mwana wathu wachiwiri anatiuza kuti wasankha kukaphunzira ntchito yosamalira anthu ku Yunivesite ya Katolika ku Nguludi, ife makolo ake tinangoyang'anana osayankha kanthu. Tinali titaganiza kale kuti mtsikana amene wakhoza bwino chotere mayeso a Fomu 4 adzakhala namwino kapena mphunzitsi, pakuti ntchito zimenezi timazidziwa, ndipo munthu akavala zoyera za kuchipatala kapena akagwira choko m'manja palibe amene amafunsa kuti ntchito yake n'chiyani. Koma iye anatifotokozera kuti awa ndi maphunziro a digiri a zaka zinayi, okonzekeretsa munthu kuthandiza ana amasiye, mabanja amene ali pa mavuto, okalamba, olumala ndiponso ana amene alakwira malamulo.

Usiku umenewo sitinagone msanga. Tinkafunsana kuti, kodi chifundo nachonso n'chopitira ku sukulu? Agogo ake a mtsikanayu sanapondeko m'kalasi, komabe analera ana amasiye anayi mpaka onse anakula ndi kumanga nyumba zawo. Mu mphakati mwathu timazonda odwala, timatungira madzi nkhalamba ndi kuzifolerera nyumba dzinja likayandikira, ndipo palibe mmodzi wa ife amene ali ndi satifiketi ya zimenezi. Tsono kugulitsa mbuzi ndi nandolo chaka ndi chaka kuti mwana akaphunzire zinthu zimene mayi aliyense wa pamudzi amazidziwa, kunationekera ngati kutaya chuma. Tinamulola ndithu, koma mitima yathu sinavomere kwenikweni.

Chimene chinatitsegula maso chinachitika iye ali m'chaka chachitatu cha maphunzirowo. Mayi wina wamasiye woyandikana nafe anamwalira atadwala nthawi yaitali, nasiya ana atatu: mtsikana wa zaka 14, mnyamata wa zaka 12 ndi kamtsikana ka zaka 5. Bambo wawo anali atatsogola kale zaka ziwiri m'mbuyomo. Patangopita sabata limodzi maliro ataikidwa, abale a bamboyo anafika ndi ngolo natenga makina osokera, njinga ndi malata amene malemuwo ankasunga kuti adzafolere nyumba. Ife tinaima pakhomo pathu n'kumaonerera, ndipo tinauzana kuti za pachibale salowerera.

Mphakati unakumana, ndipo zonse zimene tinagwirizana tinazichita ndi mtima wabwino. Tinasonkha ufa, mchere ndi sopo n'kukatula kwa anawo. Tinapangana kulemba kalata ku nyumba ina yakutali yosungirako ana amasiye kuti akatenge kamtsikanako. Ndipo bambo wina wa geni atabwera kudzafunsira mtsikana wamkuluyo, nalonjeza kuti azidyetsa onse a m'nyumbamo, ambiri a ife tinati umenewo ndi mwayi, ndipo ife awiri sitinatsutse. Posakhalitsa mnyamata uja anagwidwa usiku ali ndi chimanga chachiwisi m'dimba la eni, namutengera ku polisi. Tinapukusa mitu n'kunena kuti akaphunzire mwambo kumeneko.

Sabata lomwelo mwana wathu anabwera ku tchuthi. Atamva nkhani yonse sanatikalipire, ndipo sanatulutse mabuku ake. Anangotifunsa mwaulemu kuti, "Bambo, Amayi, ufa munapereka ndipo munachita bwino. Koma kodi alipo amene anakhala pansi ndi anawa kuwafunsa chimene akuopa?" Tinasowa choyankha, pakuti pa misonkhano yathu yonse tinkakambirana za anawo iwo palibe.

Anapempha chilolezo kwa amfumu, ndipo kwa masiku atatu ankapita kunyumba kuja, kukasinja ndi kutunga madzi pamodzi ndi mtsikanayo, osamupanikiza ndi mafunso. Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa tsiku lachitatu zinthu zinayamba kuoneka. Ufa wathu uja unali utatha masabata awiri apitawo, ndipo mnyamatayo analowa m'dimba chifukwa kamlongo kake kankalira ndi njala usiku. Mtsikanayo anavomera banja chifukwa anamva mphekesera yoti kamng'ono kake katengedwa kupita kutali, ndipo anaganiza kuti m'nyumba mukakhala munthu wamkulu sakatenga. Ndiye kuti kalata yathu yachifundo ija ndi imene inkamukankhira ku ukwati. Komanso panali mayi awo aang'ono, okhala tsidya lina la mtsinje, amene ankalakalaka kuwasamala anawo koma ankaopa kuti anthu adzati akufuna munda wa malemu, ndipo palibe amene anawaitana ku zokambirana zathu.

Mwana wathu anatiuza poyera kuti iye ndi wophunzira chabe ndipo alibe mphamvu yogamula kanthu. Chimene ankadziwa ndi khomo loyenera kugogoda. Anatiperekeza, ife pamodzi ndi amfumu ndi mayi aang'ono aja, ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu. Kumeneko tinamva zinthu zimene zinalembedwa kale m'malamulo a dziko lathu ife osadziwa. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la chaka cha 2010 linakhazikitsa mabwalo a milandu a ana, limaletsa kutsekera mwana pamodzi ndi akuluakulu, ndipo limalola kuti mwana amene wapalamula mlandu waung'ono awongoleredwe kunja kwa bwalo. Lamulo la maukwati la 2015, ndiponso kusintha kwa malamulo aakulu a dziko kwa 2017, zinatseka njira yokwatitsa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale makolo atavomera. Ndipo lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu woyenera kupita kwa ana ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi mlandu. Tinachita manyazi pozindikira kuti zimene tinkazitcha za pachibale zija zinali kuba kochitika masanasana ife tikuyang'ana.

Nkhaniyo inatenga miyezi, ndipo si zonse zinatha monga tikanafunira. Mnyamatayo anatulutsidwa n'kuperekedwa m'manja mwa mayi ake aang'ono, ndipo pamaso pa apolisi, amfumu ndi mkulu wa ku ofesi ija anapepesa kwa mwini dimba nalonjeza kumuthandiza kuthirira kwa masiku angapo. Za ukwati zinathera pomwepo, mtsikanayo nabwerera ku Sitandade 7. Kalata ija sitinaitumize. Njinga ndi malata zinabwezedwa, koma makina osokera anali atagulitsidwa kale. Mayi aang'onowo anasamukira m'nyumbamo, ndipo mphakati unagawana masiku olima munda wa anawo mmalo mongopereka ufa kamodzi n'kuiwala.

Kuyambira pamenepo tinayamba kufunsa mwana wathu, tsopano mofunadi kumva, kuti amaphunzira chiyani zaka zinayi zonsezo. Anatiuza kuti amaphunzira za kakulidwe ka munthu kuyambira ukhanda mpaka ukalamba, kuti adziwe chifukwa chimene mwana woferedwa angayambire kukodza pogona kapena kuba. Amaphunzira za kakhalidwe ka mabanja ndi mitundu ya anthu, za malamulo, za uphungu, za kafukufuku ndi kalembedwe ka lipoti limene woweruza milandu angalidalire. Amatumizidwanso kukagwira ntchito m'maofesi a boma, m'zipatala ndi m'mabungwe, pansi pa munthu wodziwa amene amawerenga zolemba zawo ndi kuwadzudzula akalakwitsa. Koposa zonse amaphunzira kusunga chinsinsi, ndiponso kulola kuti munthu wothandizidwayo alankhulepo pa za moyo wake.

Maphunziro amenewa sanayambe dzulo, ndipo amene anawayambitsa anali anthu achifundo ngati ife, amene anaona kuti mphatso yoperekedwa mosafufuza nthawi zina imavulaza wolandirayo. Ku New York, bungwe lina lothandiza osauka linayambitsa maphunziro a masabata ochepa m'chaka cha 1898, ndipo ku Amsterdam sukulu yeniyeni ya ntchitoyi inatsegulidwa mu 1899. Mayi Mary Richmond anasindikiza buku lake lotchedwa Social Diagnosis mu 1917, lophunzitsa kuti wothandiza ayenera kuyamba wasonkhanitsa umboni wa vuto asanapereke yankho. Kuno kumwera kwa Afirika, sukulu ya Jan Hofmeyr inatsegulidwa ku Johannesburg mu 1941, ya Oppenheimer ku Lusaka mu 1961, ndipo Bambo Ted Rogers, wansembe wa chipani cha Ajezuiti, anayambitsa ina mu 1964 mu mzinda wa Salisbury, umene lero ndi Harare. Kwathu kuno, kwa zaka zambiri alangizi a zachitukuko ndi a zachisamaliro cha anthu ankasulidwa pa sukulu ya Magomero m'boma la Chiradzulu, kumene ankalandira satifiketi. Yunivesite ya Katolika itatsegulidwa mu 2006, mwana wa ku Malawi anatha kupeza digiri ya ntchitoyi osatuluka m'dziko, ndipo pambuyo pake sukulu zina za ukachenjede, monga ya ku Zomba, nazonso zinayamba kuiphunzitsa.

Nanga agogo aja, amene analera amasiye anayi opanda sukulu, analakwa? Iyayi ndithu. Koma iwo ankakhala pakati pa mbumba yathunthu, malume ali pafupi, munda uli wokwanira, ndipo mlandu uliwonse unkathera pabwalo la amfumu. Kuyambira 1985, pamene matenda a Edzi anapezeka koyamba m'dziko muno, mabanja ambiri anataya anthu a msinkhu wolera ana, kotero kuti agogo ena anatsala ndi zidzukulu zochuluka kuposa mphamvu zawo. Amalume ambiri lero ali ku Lilongwe kapena ku Joni. Minda yachepa chifukwa chogawanagawana, ndipo moyo wa mwana wamasiye tsopano umadutsa ku polisi, ku bwalo la milandu, ku chipatala ndi ku maofesi kumene kumafunika makalata. Mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe udakali woona, koma wofuna kuutsata lero ayenera kudziwa njira zimene agogo athu sanayendemo, apo ayi apeze munthu wozidziwa womuperekeza.

Tisabise kuti ntchito imeneyi ili ndi zowawa zake. Mwana wathu atamaliza maphunziro anakhala pafupifupi zaka ziwiri akugwira ntchito za miyezi yowerengeka, ndipo anthu ena ankatiseka kuti mbuzi zathu zinapita pachabe. Ngakhale lero malipiro ake si olemeretsa munthu. Namondwe wa Freddy atagwa m'mwezi wa Malichi 2023, n'kupha anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kumwera, iye anakhala masabata ambiri m'misasa ya m'sukulu za pulayimale, kulemba maina a ana amene anasiyana ndi makolo awo, kufufuza abale awo, ndi kuonetsetsa kuti aliyense wobwera kudzatenga mwana ndi mbale weniweni. Anabwera kunyumba atawonda ndiponso wosalankhulalankhula. Titamufunsa za ana amenewo anatiyankha kuti, "Pepani Amayi, nkhani zawo si zanga kuti ndizigawe." Poyamba mawuwo anatipweteka, koma kenaka tinakumbukira mphekesera ija imene inatsala pang'ono kukwatitsa mtsikana wa zaka 14, ndipo tinamvetsa.

Iye mwini amatichenjeza kuti tisaitame digiri kupyola muyeso. Amati alipo anthu ophunzira amene amayang'ana fayilo osayang'ana nkhope ya munthu wakhala patsogolo pawo, ndipo sukulu siingaike chifundo mumtima mmene mulibe. Amatinso ogwira ntchitoyi ndi owerengeka poyerekeza ndi midzi imene akuyenera kufikako, kotero kuti iye angathe kufika pakhomo la amasiye kamodzi pa mwezi, pamene woyandikana nawo amamva kulira kwa mwana usiku womwewo. Pa nkhani ya ana atatu aja, iye anadziwa mafunso ndi malamulo, koma amene analima munda ndi mphakati, ndipo amene anasiya nyumba yawo kudzagona ndi anawo ndi mayi aang'ono osadziwa kulemba dzina lawo. Mutu umodzi susenza denga.

Tsono kwa inu makolo anzathu, mwana wanu akadzabwera ndi pempho longa la mwana wathu, musafulumire kunena monga tinanenera ife, kuti chifundo sachiphunzira. Mufunseni ngati angathe kumvetsera munthu kwa ola lathunthu osamudula mawu, ngati angasunge chinsinsi ngakhale kwa inu makolo ake, ndiponso ngati angapirire ntchito yolemetsa mtima ya malipiro ochepa. Akavomera zimenezi, mugulitsireni mbuziyo. Ndipo inu a m'mphakati, pakagwa maliro osiya ana, dziwani kumene kuli ofesi yoona za chisamaliro cha anthu m'boma lanu, itanani abale a mbali zonse ziwiri, ndipo anawo akhalepo pamene mukukambirana za iwo.

Ana aja akukula bwino, ndipo nyumba yawo inafoleredwa ndi malata omwe aja. Makina osokera okha ndiwo sanabwerere. Mayi wawo ankanena kawirikawiri kuti adzaphunzitsirapo mwana wake wamkulu kusoka. Tikanadziwa tsiku lija zimene tikudziwa lero, tikanathamangira kwa amfumu ngolo isanatuluke pakhomo paja.