Ndani Atuluke Choyamba Pamzere?

Ife okulira ku Nambuma timadziwa mizere ya mitundu iwiri. Wa kuchigayo ndi wa pamjigo suvuta: wolawirira ndiye woyamba, ndipo thumba kapena ndowa imakusungira malo. Wa kuchipatala ndi wina. Mayi wofika mochedwa ndi mwana wokomoka amadutsa onse, ndipo odandaula amadandaulira mumtima.

M'kalasi ya kompyuta mzere wachiwiriwu timautcha priority queue. Aliyense wolowa amapatsidwa nambala yosonyeza kuti vuto lake ndi lachangu motani. Kompyuta sivutika kusanja mzere wonse. Imausunga mu heap, njira imene J. W. J. Williams anafalitsa mu 1964. Ili ngati mtundu wa anthu: kholo lililonse lili ndi ana osapitirira awiri, ndipo palibe mwana woposa kholo lake pa changu. Wapamwamba ndiye amatuluka.

Ntchito yeniyeni ili pa mpata umene wasiya. Kompyuta imanyamula wakumapeto kwenikweni n'kumukhazika pamwamba, kenaka n'kumuyerekeza ndi ana awiri a pamalopo. Akamuposa, amasinthana malo ndi wachangu kwambiri mwa awiriwo, n'kumatsika choncho mpaka atapeza pake. Pa anthu 1,000 kusinthanaku sikufika ngakhale ka 10. Mu Python, heappop imatulutsa nambala yochepetsetsa, choncho wodwalitsitsa timampatsa 1, osati 10.

Anzathu a unamwino amaseka tikamazifotokoza ngati zachilendo. Njira ya ETAT, imene WHO inafalitsa ikutengera ntchito ya pa Queen Elizabeth ku Blantyre, imagawa ana odwala patatu: othandizidwa pompopompo, oyenera kufulumiziridwa, ndi otha kudikira.

Chimene chimatisowetsa mtendere ndi gulu lachitatuli. Heap payokha sikumbukira amene anafika kale. Anthu awiri a nambala yofanana ingawatulutse mulimonse, pokhapokha titalembanso nthawi yofikira. Ndipo achangu akamangobwerabe, monga zimakhalira nyengo ya dzinja malungo akavuta, wapansi sadzatuluka. Mabuku amati timukwezere nambala pang'onopang'ono akamadikira. Pa mafayilo opita ku printa zimenezo n'zosavuta. Koma tikamalemba pulogalamuyo timaona agogo a nyamakazi amene ananyamuka tambala asanalire, dzuwa lapendeka akadali pabenchi. Tiwakweze mpaka pati? Pagulu pathu tagwirizana chimodzi chokha: angadutse anzawo odikira, koma osati mwana amene akubanika.