Njinga yoyenera njira yakwathu

Atsikana anzanga amene mumachokera kutali, nkhaniyi ndi yanu. Anyamata muwerenge ndithu, koma osakankhana pabolodi.

Kuchoka kwathu kufika pano ndi makilomita 9. Oyamba 4 ndi njira ya ngolo, mchenga m'chilimwe, matope a padambo m'dzinja. Otsalawo ndi tala. Makolo atagulitsa soya anati ndalama ya njinga ilipo, koma kugula n'kamodzi basi mpaka nditalemba MSCE. Ikakhala yofafa, ndiye kuti piriyodi yoyamba ya masamu ndizingoimvera kwa anzanga.

Amalume a ku Lilongwe anati tifune hybrid. Imeneyi ili pakatikati pa mountain bike ndi njinga ya patala: handulo yowongoka, magiya, matayala osanenepa kwambiri, ndipo ndi yopepuka. Zambiri zimene tinaona zinali za kaunjika.

Ogulitsa akangoona mtsikana amathamangira kuloza yapinki ya kabasiketi kutsogolo, ati yachikazi ndi imeneyi. Penti sapalasa. Chimene ine ndinkayang'ana ndi mtanda wotsika, chifukwa yunifolomu yathu ndi siketi, ndipo pamchenga umafunika kutsika msanga njinga ikayamba kuvina. Ndinkakhalanso pachishalo n'kuika chidendene papedulo ili pansi penipeni. Mwendo ukawongoka bwino, msinkhu wagwirizana. Mabuleki nawo zala zizifika popanda kutambasula dzanja lonse, paja ambirife manja ndi aang'ono.

Koma nkhani yaikulu ili pamatayala, ndipo anandiuza ndi abambo okonza njinga pansi pa mtengo wa mango kumsika kwathu. Ndinapita kwa iwo tisanapite kutauni. Ma hybrid ambiri ali ndi mawilo otchedwa 700C. Ena amawatchula kuti 28, dzina lomwenso timatchulira matayala a njinga zathu zakudazi, monga Phoenix. Dzina n'limodzi koma salowerana: limu ya 700C ndi mamilimita 622, ya njinga yakuda ndi 635. Nambalayo imalembedwa m'mbali mwa tayala, mwachitsanzo 37-622 kapena 40-635. Iwo amasunga a 635 ndi a 26 basi. Tayala la 700C likang'ambika m'Febuluwale, njinga igona m'nyumba mpaka wina apite kutauni, iwe ukuyenda wapansi. Nambala yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala, ndipo lowonda ngati chala limangomira mumchenga. Anandiuzanso kuti ndione valavu, poti ina yopyapyala ija pampu ya kumudzi siigwira.

Magiya 21 amamveka bwino powauza anthu. Njira yathu ili ndi chitunda chimodzi chokha, ndiye 7 akukwana. Kachitsulo kosinthira magiya kamalendewera pafupi ndi nthaka, kamakola udzu ndi matope, ndipo kakapindika tcheni chimangodumpha. Mashoko akutsogolo nawo, panjinga ya kaunjika nthawi zambiri amakhala atafa kale, umangonyamula kulemera kwake.

Amayi ankafuna Buffalo, njinga ya bungwe la World Bicycle Relief ija. Sindiinyoza. Ndi yolimba, mtanda wake ndi wotsikirapo, ndipo kaliyala wake amanyamula makilogalamu 100. Koma ndi yolemera, ndipo imene ambiri timaidziwa ili ndi giya imodzi. Komanso tinene zoona, njinga yonyamula matumba awiri a chimanga siikhala ya mwana wasukulu. Lero ili kuchigayo, mawa achimwene apita nayo kukagula feteleza, iwe uli pakhomo ndi chikwama kumsana. Kaliyala wa hybrid ndi wa mabuku ndi kabotolo ka madzi, palibe angaubwereke.

Tinazungulira tsiku lonse, amalume mpaka kutopa nane, koma tinaipeza: hybrid ya mawilo a 26, mtanda wotsika, magiya 7, madigadi onse awiri kuti bulauzi isafike ndi mzere wa matope kumsana, ndi chotchinga tcheni kuti siketi isakodwe. Mtundu wake ndi wotuwa, wosasangalatsa n'komwe. Chenji chinagula machubu awiri, zigamba ndi loko.

Ndimaiimika kuseri kwa Fomu 3. Amene makolo akulonjezani njinga chaka chino, bwerani pabuleki mudzaiyese, ndikuonetseninso pamene pamalembedwa nambala ija. Pampu ndimayenda nayo, koma muzibweza.