Galimoto Ikakana Kiyi, Yambani Mwayeza Batire

Pali chizolowezi chimene chimandinyansa pakati pa ife achinyamata amene tayamba kugwira magalimoto. Galimoto ikangokana kulira, kanyali ka kiyi n'kumaphethira pa dashboard, chigamulo chimatuluka pomwepo: "Kompyuta yafa." Wina amawonjezera kuti immobiliser ingodulidwa, nkhani ithe. Ine ndikuti tisanaweruze kompyuta, tiyeze kaye ngati ikulandira magetsi okwanira. Kawirikawiri imakhala ilibe mlandu, yangogona ndi njala.

Immobiliser imagwira ntchito motere. M'mutu mwa kiyi muli kachipangizo kotchedwa transponder, kamene kalibe batire. Koyilo yozungulira pobowola polowetsa kiyi imakapatsa mphamvu, iko n'kuyankha ndi nambala yachinsinsi. Kompyuta ya injini ikaizindikira nambalayo, imalola mafuta ndi moto. Ikapanda kuimva, injini imakana. Tsono kukambiranaku kumachitika mukangotembenuza kiyi, ndipo kamphindi komweko sitata imayamba kukoka magetsi ochuluka kuposa chipangizo china chilichonse m'galimoto. Batire ikakhala yofooka, magetsi amagwa, kompyuta imazima n'kudzukanso, kukambirana kuja kumadukira panjira. Kiyi yanu yomwe imaoneka ngati ya wakuba.

Tchuthi chathachi ndinaziona ndi maso. Amalume anga amayendetsa galimoto yochokera ku Japan yonyamula anthu, ndipo fizi yanga imachokera momwemo. Inayamba kukana kulira m'mawa, mwina tsiku lina n'kulira bwinobwino. Makaniko wina anailumikiza ku makina ake, nati kompyuta isinthidwe, apo ayi adule chitetezocho. Mtengo wake unali wa ndalama za masabata angapo.

"Amalume, bwanji tiyeze kaye batire tisanagule kanthu?" ndinawapempha.

"Iwe mphwanga, batire ndinagula chaka chomwechino. Koma yeza, tione sukulu yakoyo," anatero.

Ananenadi zoona, batire inali yabwino. Multimeter yobwereka inaonetsa mavolti 12.6 injini itazima. Koma nditaika waya mmodzi pamutu wa negetivu wa batire, wina pa chitsulo cha injini, amalume n'kutembenuza kiyi, panaoneka mavolti oposa 1 akutayikira panjira. Waya wa earth unali utachita dzimbiri pamene umamangidwa ndi bawuti. Tinaumasula, kuupala mpaka kuwala, n'kuumanganso zolimba. Galimoto inalira kamodzi.

Manambala ofunika kuwadziwa ndi ochepa. Batire yodzaza, galimoto itapuma maola angapo, imakhala pa mavolti 12.6 kapena pafupi pamenepo. Ikafika pa 12.0 ndiye kuti yatsala pang'ono kutheratu, ngakhale nyali zikuyakabe. Poliza injini isatsike kupitirira 9.6. Injini ikulira, alternator iyenera kukweza magetsi kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4, akakhala pa 12 pomwepo, batire sikuchajidwa, ndipo mukagula yatsopano nayonso idzatha. Pa waya aliyense wamkulu, magetsi otayikira panjira poliza injini asapitirire theka la volti. Chomaliza, yezani magetsi amene galimoto imadya itazimitsidwa ndi kukhomedwa. Kupitirira ma milliamp 50 n'kokayikitsa, ndipo olakwa amakhala zinthu zimene tinawonjezera tokha: alamu, wailesi, tracker, zolumikizidwa ndi mawaya opotokola n'kukulunga tepi.

Amene muli ndi magalimoto oliza ndi batani, kiyi yanu ili ndi kabatire kake ka mavolti 3, nthawi zambiri CR2032. Kakatha, galimoto imati sikuiona kiyi. Pa magalimoto ambiri, mukagunditsa kiyiyo pa batani loliziralo, imalira. Musanalipire munthu woti apange kiyi ina, sinthani kabatireko.

Sindikunyoza makina oyezera aja. Amathandiza, koma amangonena pamene kompyuta yamva kuwawa, osati chimene chayambitsa. Magetsi akagwa, makompyuta angapo a m'galimoto amadandaula nthawi imodzi, ndipo makodi amatuluka mndandanda. Pakati pawo pakakhala P0562, imene imatanthauza kuti magetsi a galimoto yonse atsika, yambirani pamenepo. Konzani magetsi, fufutani makodi, kenako onani amene abwerenso. Amenewo ndiwo matenda enieni. Nthawi zina koyilo kapena kiyi imafadi, sindikana, koma zimenezo zitsimikizike magetsi ali bwino.

Chimene ndikukana ndi mtima wonse n'kudula immobiliser. Ku Germany, kuyambira 1998, galimoto yatsopano iliyonse imayenera kukhala nayo mwalamulo, chifukwa imalepheretsa wakuba kuliza injini pongolumikiza mawaya. Ife timaitanitsa Passo kapena Sienta kudzera ku Dar es Salaam, kulipira msonkho wolemera, ena ndi ngongole, kenako n'kuchotsa loko chifukwa cha bawuti ya dzimbiri. Choipa china n'chakuti vuto la magetsi lija limatsala. Mawa lidzatulukira kwina, ndipo mudzalipiranso.

Anzanga, ku yunivesite amatiphunzitsa kuti mfundo iliyonse ikhale ndi umboni, koma tikafika pagalaja timavomera chilichonse chimene munthu wagwira laputopu wanena. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Multimeter ndi yotchipa kuposa batire, ndipo kuphunzira kuigwiritsa ntchito sikutha ola limodzi. Ngakhale mulibe, muli ndi ufulu wofunsa makaniko mwaulemu kuti, "Bambo, poliza injini magetsi akutsika kufika pati?" Wodziwa ntchito adzakuyezerani mukuona. Wolephera kuyankha musamupatse kompyuta ya galimoto yanu.