Chisa cha Nantchengwa mu Mkuyu wa Aphunzitsi

Kuseri kwa nyumba ya mphunzitsi wina wopuma pa ntchito, kunja pang'ono kwa mzinda wa Zomba, kuli mkuyu umene ukanakhala utasanduka phulusa kalekale. Mtengowu uli m'mphepete mwa dambo lomwe madzi ake amatsikira mu mtsinje wa Likangala, ndipo m'chaka cha 2014 munthu wina wootcha njerwa anali atanena kale ndalama zomwe adzapereke akaugwetsa. Mwini wake sadakane. Fizi ya mdzukulu wake wamkulu inali itavuta, ndipo mkuyu sudyetsa banja.

Mkuluyu sadakule ali wokonda mbalame. Adakula monga anyamata onse a nthawi yake, legeni ili m'khosi, ulimbo uli pa nthambi, madzulo n'kumaotcha mpheta pa makala. Mayina ankawadziwa ndithu, pumbwa, timba, njiwa, nkhwali, koma ankawadziwa mwa mlenje: iyi njonona, iyi ndi mafupa okhaokha, iyi sadya. Nyanja ya Chilwa itauma mu 1995, nsomba zitasowa, adaona anthu akudzaza madengu ndi mbalame za m'madzi zogwidwa m'misampha, ndipo nayenso adagulako ndiwo osaganiza kawiri.

Pa tchuthi cha chaka chomwecho cha 2014 padabwera mdzukulu wina wamkazi wa zaka zisanu ndi zitatu, wochokera ku Blantyre, atanyamula chimbale cha filimu ya makatuni yotchedwa Zambezia. Filimuyi idatuluka mu 2012, ndipo idakonzedwa ndi kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town. Imasimba za kamphamba kotchedwa Kai, komwe kadathawa kwa bambo ake n'kupita ku mzinda wa mbalame zokhazokha womangidwa mu mlambe waukulu pa mathithi a Victoria Falls. Mtsogoleri wa mzindawo ndi nkhwazi yokalamba. Adani ake ndi buluzi wamkulu wodya mazira, Budzo, pamodzi ndi mbalame zija zazitali za mutu wadazi zomwe zimatola zovunda, zotchedwa marabou.

Poyamba agogowo adakhala pansi mongomusangalatsa mwana. Kwa iwo makatuni anali zidole zongochedwetsa ana kutsuka mbale. Koma adadabwa kuona kuti mbalame za pa kanemayo akuzidziwa. Sizinali za kutsidya kwa nyanja zamchere ayi, zinali za kwawo konkuno, ndipo nkhwaziyo inali yomweyo ili pa chizindikiro cha boma la Malawi. Adaionera kawiri usiku womwewo, kachiwiriko mwana atagona kale, ngakhale kuti zimenezi savomera pagulu.

M'mawa mwake mwanayo adafunsa kuti, "Agogo, nanga mzinda wa mbalame za kuno uli kuti?"

Iwo adaseka. Koma mwana anali ataloza kale chimulu cha timitengo, udzu ndi nsanza chomwe chidatsakamira pa mphanda ya mkuyu uja. Chinali chisa cha nantchengwa. Kwa zaka zambiri mkuluyu ankadutsa pansi pake maso ali kumbali, pakuti adaleredwa ndi mawu akuti nantchengwa ndi mbalame ya malodza, ndipo chisa chake sachiyandikira. Tsiku limenelo adaima n'kuyang'ana.

Ndipo n'choyenera kuchiyang'ana. Kambalame kofiirira kosaposa nkhuku kamamanga nyumba yofolera yotha kukula kupyola mita imodzi, yolimba moti munthu wamkulu angathe kuimapo osaigumula. Yaimuna ndi yaikazi zimatuta timitengo masauzande kwa milungu ingapo, khomo n'kuliika cham'munsi, lozira ndi matope, kuti mdani avutike kulowa. Awiriwa adayamba kudzuka mbandakucha, kukhala pa muzu wa mtengo chete, kuwerenga maulendo a mbalamezo pakati pa dambo ndi chisa, zitanyamula achule. Mwana ankalemba m'kope lotsala la sukulu. Agogo ankatchula mayina a zina zomwe zinkabwera kudzadya nkhuyu, ndipo kwa nthawi yoyamba ankazitchula osaganizira za mphika.

Kenaka zinthu zidasiyana ndi filimu. Usiku wina kadzidzi adalowa m'chisamo, ndipo anantchengwa sadabwererenso. Izi n'zachizolowezi, akadzidzi amakonda kulanda zisa zotere. Mwanayo adalira kwambiri. Mu mzinda wa pa kanema mbalame zonse zinkathandizana, koma mu mkuyu wa agogo ake wamphamvu adangotulutsa mnzake popanda mlandu uliwonse. Apa filimu idamunamiza, ndipo palibe chifukwa chobisira. Mbalame sizikhala ndi bwalo la milandu. Komabe funso limene lidawaimika pansi pa mtengowo lidachokera mu bodza lomwelo.

Kadzidzi adabweretsa nkhani ina yovuta kuposa misozi ya mwana. Kulira kwake kudamveka m'nyumba zoyandikana, ndipo anthu adayamba kunong'ona. Mayi wa pakhomopo adanena mosabisa: "Bambo, mtengo uja udulidwe basi. Ndalama tikuzifuna, komanso ine ndatopa kulozedwa zala pa chitsime." Wootcha njerwa naye adabwera ndi nkhwangwa ziwiri. "Aphunzitsi, tagwirizana kale. Tiyambe lero?"

Mwana ndiye adayankha asanafunsidwe, zomwe zidamutengera diso lakuthwa la agogo ake aakazi. Adakumbutsa kuti mu filimu ija mbalame za mutu wadazi zidapanduka chifukwa zinkakanidwa kulowa mu mzinda, ndipo pomaliza zidathandiza kugonjetsa buluziyo. "Ndiye kuti kadzidzi nayenso ndi wa mumzinda womwewu, agogo."

Mfundo ya mwana siinali yokwanira kukhutiritsa munthu amene adaphunzitsa sayansi ku pulayimale kwa zaka zambiri. Chomwe chidawakhutiritsa adachitola pansi. Kadzidzi amameza nyama yake yathunthu, kenaka amalavula timibulu ta ubweya ndi mafupa. Mkuluyu adaphwanya timibulu tingapo ndi kamtengo pamaso pa mkazi wake ndi wogula uja. Munali zigaza za makoswe ndi mbewa, zomwe zinkawathera chimanga m'nkhokwe chaka ndi chaka. Mayi aja sadanene kuti agonja. Adangoti, "Nanga fizi?" Sabata yomweyo mbuzi ziwiri zidapita ku msika, ndipo kwa miyezi ingapo nkhaniyo inkabwerabe pa nthawi ya nsima.

Mvula yotsatira anantchengwa adayamba chisa china pa mphanda ya pamwamba pa mkuyu womwewo, ngati kuti palibe chidachitika.

Mdzukulu uja tsopano ndi wamkulu, ndipo makatuni sadawasiye. Akaimba foni safunsa kaye za moyo monga mwambo umafunira, amayamba ndi mtengo. Maso a agogo ake achita chidima, kope lija sangathenso kuliwerenga, choncho amakhala pa muzu uja m'mawa n'kumamvetsera. Akamva pumbwa amadziwa kuti nkhuyu zapsa, ndipo madzulo amamuuza mdzukuluyo mbalame zomwe zabwera.